Zimene Birimankhwe Anaphunzira m'Kalasi ya Chingerezi

Chaka chilichonse ndikayamba kuphunzitsa ophunzira atsopano a kukoleji kalembedwe ka chimangirizo m'Chingerezi, sipalephera kupezeka mmodzi wofunsa kuti, "Aphunzitsi, ife tabwerera maphunziro a zachuma, ndiye izizi zitithandiza chiyani?" Kale ndinkayankha kuti adzafunika kulemba malipoti ndi makalata ofunsira ntchito. Yankholo si labodza, koma ndinalisiya nditayamba kulondola mbiri ya phunziroli kwathu ku Malawi.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, patangotha chaka chimodzi dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Boma latsopanolo linkasowa aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi olowa m'malo mwa atsamunda. Chingerezi ndicho chinali chiyankhulo cha kukhoti, kunyumba ya malamulo ndi m'makalata a boma. Motero ntchito yoyamba ya dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College inali yodziwikiratu: kusula anthu olemba mosaphonya galamala. Aphunzitsi ambiri anali ochokera kunja. Pambali pa Shakespeare, ophunzira ankawerenganso alembi a mu Africa monga Chinua Achebe, amene mabuku awo kampani ya Heinemann inayamba kuwasindikiza mumndandanda wa African Writers Series mu 1962.

M'chaka cha 1968 munachitika zinthu zitatu zokhudza nkhaniyi. Ku Nairobi, Ngũgĩ wa Thiong'o, Taban Lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba analemba chikalata chopempha kuti dipatimenti ya Chingerezi ya payunivesite yawo ithe, ndipo zolemba ndi ziyankhulo za mu Africa zikhale patsogolo. Ku Malawi, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kupitiriza kukhala cha ntchito za boma. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu younika ndi kuletsa mabuku, masewero ndi mafilimu. Anzathu a ku Kenya ankakangana poyera za mabuku oyenera kuphunzitsidwa, pamene kwathu mphunzitsi ankayenera kuyamba waonetsetsa ngati buku lili lololedwa.

M'nyengo yotereyi, mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a pakolejiyo anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Mwa ophunzira oyambirira munali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, ndipo mwa aphunzitsi amene ankasonkhana nawo munali Landeg White ndi David Kerr. Gululo linapitirira koleji itasamukira ku Zomba mu 1973. Ankakumana kamodzi pa sabata. Wolemba ankabweretsa ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuiwerenga, kenaka n'kuyamba kuisenda mzere ndi mzere. Panalibe mayeso kapena malikisi, ndipo wophunzira ankatha kutsutsa mphunzitsi wake.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene phunziro lenileni la kalembedwe linkachitikira. M'kalasi munthu amalembera mphunzitsi mmodzi amene akufuna kupeza zolakwika. Pagulupo munthu ankalembera anthu amene akamufunse kuti, "Apa ukutanthauza chiyani?" Ndipo aliyense ankadziwa kuti funso lomwelo angathe kudzalimvanso kupolisi, chifukwa makutu a boma anali paliponse. Liwu lililonse linkayenera kuyezedwa kawiri: limveke kwa woyenera kumva, koma lisasanduke umboni wom'mangira mwini wake.

Luso lotere sanalitole m'mabuku a galamala. Analitenga kumudzi, kumene mayi amadzudzula mwamuna wake kudzera m'nyimbo ya pamtondo, ndipo nkhalamba imalangiza mfumu mwa mwambi. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kusefukiza madzi, n'kulankhulirapo za mphamvu zowononga dziko. Mapanje anatenga birimankhwe wa m'nthano zakale, kanyama koyenda mosamala ndi kusintha maonekedwe, ndipo buku lake la ndakatulo la mu 1981 analitcha Of Chameleons and Gods. Mawu anali a Chingerezi, koma zining'a zake zinali zakwathu. Zimene a ku Nairobi anapempha m'chikalata, a ku Zomba ankazichita mwakachetechete m'kati mwa Chingerezi chomwecho.

Kubisa mawu sikunapulumutse onse. Felix Mnthali, mphunzitsi wa m'dipatimentiyo, anatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu m'zaka za m'ma 1970. Frank Chipasula anachoka m'dziko. Buku la Mapanje linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mu Seputembala 1987 apolisi anam'gwira ku Zomba n'kukam'tsekera kundende ya Mikuyu. Anatuluka mu 1991, atakhalamo zaka zoposa zitatu osaonekera kukhoti. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda, munthu amene ankanyadira kwambiri Chingerezi chosalala, linafika poopa zimene ana ake omwe anachita nacho.

Mbiriyi sindiikometsera mopitirira. Ofika kuyunivesite masiku amenewo anali ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo anali amuna. Ndakatulo zotchuka za gululo zinali m'chiyankhulo chimene amayi anga, amene anandiphunzitsa miyambi yoyamba, sakanatha kuwerenga. Chingerezi chomwe chinapatsa ochepa pobisalira chinatsekera ambiri kunja, ndipo mpaka lero mwana wolephera Chingerezi pamayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi.

Komabe pali chimene ndinatolapo. Chiyambire referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, ophunzira anga ali ndi ufulu wolemba zimene akale aja ankamangidwa nazo. Chimene alibe ndi anthu owerenga zolemba zawo mwachidwi. Phunziro la luso la kulemba ndi kulankhulana likangokhala la kayalidwe ka kalata ndi malo oika mpumiro, wophunzira amatuluka asanamvepo mnzake akumuuza kuti, "Apa sunanene zoona."

N'chifukwa chake ola lomaliza la sabata ndimachoka kutsogolo n'kukakhala pampando wa kumbuyo. Wophunzira mmodzi amawerenga chimangirizo chake mokweza, anzake n'kumufunsa mafunso, m'Chingerezi kapena m'Chichewa, momwe funsolo labwerera. Mnyamata wina wa zachuma, amene anandifunsa funso lija kumayambiriro a chaka, anawerenga za ngongole ya feteleza imene inadyetsa bambo ake mbuzi zonse. Mtsikana wina anam'funsa chifukwa chake sanatchule amene anakongozayo. Iye anakhala chete kanthawi, kenaka anapempha kuti tim'bwezere pepala lake akalembenso.