Mabuku Anayi a Omwalira: Mbiri ya Kalembera wa Imfa m'Boma la Chongwe

Mawu Oyamba

Munthu akamwalira m'midzi ya m'boma la Chongwe, mbiri yake imasungidwa m'njira ziwiri: pakamwa pa abale ndi papepala. Njira yoyambayo ndi yakale, koma yachiwiriyo ndiyo imene bwalo la milandu limadalira pogawa chuma cha masiye. Cholinga cha nkhani ino ndi kulondola mbiri ya njira yachiwiriyi. Tionetsa kuti pali mabuku anayi amene akhala akusunga maina a omwalira m'derali, ndi kuti buku lililonse linalembedwa ndi cholinga chake komanso m'chiyankhulo chake, kotero kuti munthu mmodzi akhoza kupezeka ndi maina osiyanasiyana. Wofufuza amene sadziwa zimenezi amabwerera chimanjamanja, ngakhale munthu amene akumufunayo ali momwemo.

Chongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka. Eni nthaka ndi Asoli, ndipo Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II inalowa ufumu wawo mu 1971. Asoli amatsata mzere wa kuchikazi. Chisoli sichili m'gulu la ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zigwiritsidwe ntchito m'zigawo; m'chigawo cha Lusaka udindowu unapatsidwa kwa Chinyanja, pamene mafomu a boma ali m'Chingerezi.

Buku la Msonkho

Kampani ya British South Africa itayamba kukhometsa msonkho wa nyumba m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, panafunika kaundula wa anthu okhoma. Akalaliki ankalemba maina a amuna mudzi ndi mudzi, ndipo mwamuna akamwalira dzina lake linkachotsedwa. Bukuli silinali la imfa ayi; linali la ndalama. Imfa inkaonekamo chifukwa chakuti wakufa sakhoma. Akazi ndi ana kawirikawiri ankangowerengedwa, osatchulidwa maina. Kalembera weniweni wa kubadwa ndi imfa m'nthawi ya atsamunda ankakhudza makamaka anthu osakhala Aafirika.

Zotsala za nthawi imeneyo, monga mabuku otchedwa District Notebooks momwe mabwana a maboma ankalembamo mizere ya mafumu ndi mbiri ya midzi, zimasungidwa ku National Archives of Zambia mu Lusaka. Zimathandiza wofuna kudziwa kumene mudzi unachokera ndi amene analowa ufumu, koma sizinena zambiri za munthu wamba.

Buku la Mpingo

Mu 1905 Bambo Jules Torrend a chipani cha Ayezuiti anakhazikitsa mishoni ya Kasisi. Bamboyu anali katswiri wa ziyankhulo, ndipo mu 1891 anali atasindikiza kale buku lofananitsa malamulo a ziyankhulo za Chibantu. Lamulo la Mpingo wa Katolika limafuna kuti parishi iliyonse isunge mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a omwalira. Ubwino wa mabukuwa ndi wakuti akazi ndi ana amalembedwamo maina, ndipo buku la ubatizo limatchulanso makolo. Malire ake ndi awiri: muli Akhristu a mpingowo okha, ndipo dzina lotsogola ndi la ubatizo, lomwe m'mabuku akale nthawi zambiri linkalembedwa m'Chilatini. Amene kumudzi ankamuitana kuti Petulo, m'buku ndi Petrus.

Buku la Nyakwawa

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linayamba kupereka chitupa cha NRC mu 1965 kwa aliyense wokwanitsa zaka 16. Chitupachi chinapatsa munthu dzina limodzi ndi nambala imodzi, ndipo chimatchula mudzi, mfumu ndi boma la mwini wake. Mu 1971 kunabwera lamulo la Registration and Development of Villages Act, lomwe linakhazikitsa kaundula wa mudzi wolemba anthu a m'mudzimo. Mwa mabuku onse anayi, ili ndilo lili pafupi ndi maliro, pakuti nyakwawa ndiyo imalandira uthenga wa zovuta ndi kuloleza manda. Koma limasungidwa m'nyumba ya munthu, kumene chiswe, mvula ndi kusintha kwa ufumu zikhoza kuliwononga.

Buku la Boma

Lamulo la Births and Deaths Registration Act la mu 1973 ndilo linalamula kuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense m'Zambia zilembedwe, mosayang'ana mtundu. Ntchitoyi ili m'manja mwa dipatimenti yoona za kalembera wa dziko, mapasipoti ndi unzika. Kwa zaka zambiri satifiketi inkatuluka ku Lusaka kokha, mpaka pamene kusintha kwa malamulo mu 2016 kunatsegula njira yoti izituluka m'zigawo.

Kufunika kwa pepalali kunakula ndi lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989, lokhudza chuma cha munthu womwalira osasiya wilo. Lamuloli limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene malemuyo ankawasunga. Pakati pa anthu otsata mzere wa kuchikazi, kumene adzukulu ndi abale a kuchimuna kwa mayi ankalowa chuma, uku kunali kusintha kwakukulu. Komatu bwalo silingasankhe woyang'anira chuma popanda umboni wa imfa, ndipo banki kapena bungwe la penshoni la NAPSA, lomwe linayamba ntchito mu 2000, limafuna umboni womwewo. Mkazi wamasiye wopanda pepala amakhala ndi ufulu m'lamulo koma wopanda poyambira.

Njira yopemphera imadalira malo a imfa. Womwalirira m'chipatala amalemberedwa chikalata cha dokotala chonena chimene chamupha. Womwalirira kunyumba amafunika lipoti la apolisi, ndipo kumudzi kalata ya nyakwawa kapena ya mfumu ndiyo umboni woyamba. Khonsolo imapereka chilolezo choikira maliro. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezeka: chilolezocho si satifiketi ya imfa. Satifiketi imatuluka pokhapokha wachibale akapereka chidziwitso cha imfa ku ofesi ya kalembera, atanyamula mapepalawa pamodzi ndi chitupa chake ndi cha malemu.

Vuto la Maina

Mabuku anayiwa sagwirizana pa dzina. Munthu ali ndi dzina la kubadwa, la ubatizo, mwina lina la kuntchito. Akabereka amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndipo akalowa m'malo mwa amalume amatenga dzina lawo. Fomu ya Chingerezi imafuna dzina la banja, limene nthawi zambiri limakhala la bambo, pamene pfuko la Msoli limachokera kwa mayi. Wolondola makolo kudzera m'fomu yokha amatsata mzere umene eni akewo sautsata.

Kalembedwe nakonso kamasokoneza. Alembi akale ankasinthanitsa l ndi r, ndipo ena ankasiya h wosonyeza mpweya pambuyo pa k, p ndi t. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 anaika c pamalo pamene ambiri ankalemba ch. Kusiyana kwa chilembo chimodzi pakati pa chitupa ndi kalata ya nyakwawa n'kokwanira kuchedwetsa pempho mpaka banja litalumbira pamaso pa woyenera kuti dzinalo ndi la munthu mmodzi.

Mawu Omaliza

Pa za malamulo, satifiketi ya boma ndiyo ili ndi mphamvu, ndipo dzina lake liyenera kufanana ndi la pa chitupa. Pa zofufuza makolo, makamaka amene anamwalira chisanafike chaka cha 1973, poyambira ndi kwa akuluakulu a mbumba: kufunsa maina onse a malemu, pfuko lake, mudzi wake ndi mpingo wake, kenaka n'kupita ku mabuku. Pano pali ntchito ya ife aphunzitsi a ziyankhulo. Tiyenera kusonkhanitsa mndandanda wa maina a Chisoli ndi Chinyanja pamodzi ndi kalembedwe kake kosiyanasiyana, ndiponso kumasulira mafomu a imfa m'mawu amene nyakwawa ndi mkazi wamasiye angamve, akuluakulu odziwa mainawo asanathe.