Kodi DPI ya mausi n'chiyani?

Ambiri pogula mausi yosewerera magemu amangothamangira nambala yaikulu ya DPI, poganiza kuti ndiye yapamwamba. Ayi ndithu. DPI ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti dots per inch, ochokera kwa osindikiza mabuku. Pa mausi amanena za mtunda umene kamuvi kamayenda pa sikirini dzanja likasuntha inchi imodzi, masentimita 2.54. Pa 800, kamuviko kamadutsa timadontho pafupifupi 800.

Tiyerekeze mukusewera Counter-Strike, mdani wangosuzumira pakona. DPI ikakwera kwambiri, dzanja kungonjenjemera pang'ono, mwaphonya basi. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amakonda 400 kapena 800. Mukabwerera ku ntchito pa sikirini yaikulu, dinani kabatani ka DPI kamene nthawi zambiri kamakhala kuseri kwa kawilo ka mausi, mukweze mpaka 1600 kuti mkono usatope.