Ulendo wa Mbatata Yofiira Mkati

Mbatata si mbewu yamakolo ngati mapira ndi mawere. Kwawo ndi ku America, ndipo inafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Mitundu imene inakhazikika ku Malawi ndi ku Mozambique inali yoyera mkati, yaufa, yokhutitsa. Amayi ankaibzala m'mbali mwa munda wa chimanga ndi kudimba. Inkaphikidwa m'mawa, kuotchedwa paphulusa, kapena kuthiridwa nsinjiro n'kukhala futali, kholowa n'kukhala ndiwo. Inapulumutsa mabanja ambiri chimanga chikakanika.

Koma mbatata yoyerayo inalibe chinthu chimodzi chofunika: carotene, chimene chimapatsa mtundu karoti, maungu ndi mango akupsa. Katswiri wa ku Germany, Heinrich Wackenroder, ndiye anayamba kuchipatula m'karoti mu 1831. Mu 1919 Harry Steenbock wa ku Wisconsin anaona kuti makoswe odya chimanga chachikasu akukula bwino, pomwe odya choyera akufooka. Pofika 1930 Thomas Moore wa ku Cambridge anatsimikiza chifukwa chake: thupi limasandutsa carotene kukhala vitamini A.

Mwana wosowa vitaminiyu saona bwino dzuwa likalowa, ndipo chikuku kapena kutsekula m'mimba zimamugwetsa msanga. M'zaka za m'ma 1980 dokotala wa maso Alfred Sommer anaonetsa ku Indonesia kuti kupatsa ana vitamini A kumachepetsa imfa zawo. Apa ndi pamene panachokera timadontho tija timene ana amalandira kusikelo kawiri pachaka. Timathandiza ndithu, koma timadalira galimoto, msewu ndi ndalama za boma. Mbewu ya m'munda sidikira zimenezo.

Maganizo amenewa ndi amene anatsogolera Jan Low, katswiri wa zachuma pa ulimi, pamene anayamba kuyesa mbatata yofiira mkati, yokhala ndi carotene, ndi magulu a amayi ku Kenya m'zaka za m'ma 1990. Chiyambi chinali chovuta. Mitundu yochokera kunja inali yamadzimadzi, ndipo akuluakulu ozolowera yaufa ankaikana, ngakhale ana ankaikonda chifukwa cha kutsekemera. Inkafanso msanga ndi dzuwa. Ku Mozambique, Maria Andrade wa ku Cape Verde anatenga ntchito yokwatitsa mitundu kuti papezeke yofiira, yaufa, yopirira chilala. Madzi osefukira a mu 2000 atakokolola minda, mbewu yofiira inali m'gulu la zimene zinagawidwa kwa alimi. Kafukufuku wotsatira m'chigawo cha Zambézia anapeza kuti ana a m'mabanja oilima anali ndi vitamini A wochuluka m'magazi kuposa anzawo. Mu 2011 dziko la Mozambique linavomereza mitundu 15 yatsopano.

Ku Malawi njira inatsegulidwa ndi mtundu wotchedwa Zondeni. Kuyambira mu 2009 bungwe la International Potato Center, ndi thandizo la boma la Ireland, linaufalitsa kudzera mwa alimi ochulukitsa mbewu m'midzi. Akatswiri a ku Bvumbwe anatulutsa mitundu ina: Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu ndi Chipika. Posakhalitsa inalowa m'phala la ana, m'mandasi ndi m'buledi.

Mu 2016 Low, Andrade, Robert Mwanga wa ku Uganda ndi Howarth Bouis analandira mphoto ya World Food Prize.

Masiku ano nkhani ya carotene yafika pa matenda a akuluakulu. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana apeza kuti anthu okhala ndi carotene wambiri m'magazi sakonda kudwala shuga kapena kunenepa mopitirira. Izi sizitanthauza kuti carotene payekha ndi mankhwala, pakuti wodya masamba ndi zipatso zambiri amapezamonso zina zabwino. Umboni woopsa unachokera ku Finland mu 1994, kumene mapiritsi a carotene anawonjezera khansa ya m'mapapo mwa amuna osuta fodya. Phindu lodalirika lili m'chakudya chenichenicho.

Koma kumunda, vuto lalikulu la alimi a mbatata ndi lakalekale: kusunga mbewu m'chilimwe, kholowa atauma, mbuzi zitamaliza wotsala. Alangizi akuphunzitsa njira yokwirira timbatata tating'ono mumchenga wouma m'beseni, n'kutibzala m'kamunda kothirira kutatsala milungu ingapo kuti mvula iyambe. Mphukira zake zimapatsa banja mbewu yobzala ndi mvula yoyamba, osadikira kukapempha kwa eni madimba.