Chiphaso, Mowa ndi Mlendo: Momwe Khonsolo ya Durban Inkasankhira Eni Mzinda

Pa 13 Januwale 1897, loya wachinyamata dzina lake Mohandas Gandhi anatsika sitima yapamadzi yotchedwa Courland padoko la Durban. Sitimayo, pamodzi ndi inzake ya Naderi, inali itabindikiritsidwa panyanja kwa milungu ingapo poopa mliri umene unabuka ku Bombay. Atangoponda kumtunda, chikhamu cha azungu chinamuzinga ndi kuyamba kumugenda. Anamutchinjiriza ndi ambulera ndi mkazi wa R.C. Alexander, mkulu wa apolisi a mzindawo. Nkhaniyi ambiri amaidziwa. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti zomwe miyala inalephera kuchita tsiku limenelo, cholembera chinazichita m'miyezi yotsatira. Mbiri ya Durban imaonetsa kuti khonsolo ya mzinda, ngakhale siilonda malire a dziko, imatha kusankha mwini mzinda ndi mlendo pogwiritsa ntchito chiphaso, msonkho ndi mawu akuti chitetezo.

M'chaka chomwecho cha 1897, nyumba ya malamulo ya Natal inakhazikitsa malamulo awiri. Loyamba linali loletsa olowa m'dziko. Silinatchule Amwenye, popeza boma la ku London silinkafuna lamulo losankha mtundu poyera. M'malo mwake linati wolowa aliyense adzaze chikalata m'chilankhulo cha ku Ulaya. Njirayi inakomera atsamunda ena, moti dziko la Australia linaitengera mu 1901. Lamulo lachiwiri linali la ziphaso za amalonda, ndipo ili ndi limene linapatsa mano makhonsolo. Khonsolo iliyonse inkasankha mkulu wopereka ziphaso, amene anali ndi mphamvu yokaniza munthu chiphaso ngati mabuku ake a ndalama sanalembedwe m'Chingerezi kapena ngati waona kuti sitolo yake ndi yauve. Wokanizidwa sankaloledwa kukadandaula kukhoti. Ankadandaula kukhonsolo yomweyo, mmene munkakhala azungu ambiri amene ankapikisana naye pamalonda. Lamulo loyamba linatseka khomo lolowera. Lachiwiri linkafinya amene anali atalowa kale, kuphatikizapo ana a Amwenye aja amene anayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe.

Kwa anthu akuda, msampha unatcheredwa kale. Kuyambira mu 1874, aganyu a tsiku ndi tsiku, amene ankatchedwa a togt, ankayenera kulembetsa, kulipira ndalama mwezi uliwonse ndi kuvala chizindikiro choonetsa kuti alipira. Belu la 9 koloko usiku likalira, munthu wakuda wopezeka mumsewu wopanda kalata ya bwana wake ankamangidwa. Tiyenera kuzindikira kuti ambiri mwa anthuwa anali Azulu, eni nthaka imene mzindawo unamangidwapo. Pepala ndi limene linawasandutsa alendo kwawo komwe.

Koma kulonda anthu kumafuna ndalama, ndipo azungu okhoma msonkho sankafuna kupisa m'thumba. Yankho linapezeka mumowa. Lamulo la 1908 linalola makhonsolo a ku Natal kuti akhale okhawo ofulula ndi kugulitsa utshwala, mowa wamasese wa Azulu, ndipo mu 1909 Durban inatsegula nyumba zake zomwera mowa. Mayi wofulula pakhomo anasanduka wophwanya lamulo. Phindu la mowawo linkalowa m'thumba lapadera limene ankati ndi lotukulira anthu akuda, koma gawo lalikulu linkapita kukamanga zigono za amuna okhaokha ndi kulipira maofesi ndi alonda owayang'anira. Mu 1916 khonsolo inakhazikitsa nthambi yoona za anthu akuda motsogozedwa ndi J.S. Marwick, amene Azulu anamutcha Muhle. Ku ofesi imene inadzadziwika kuti KwaMuhle, mwamuna wofuna ntchito ankaima pamzere, kupimidwa m'thupi ndi kudindiridwa chiphaso chokhalira mumzinda kapena chomuthamangitsa. Wantchito akamwa chikho chake madzulo, ankalipirira yekha unyolo wake. Nyama inkakazingidwa ndi mafuta ake omwe.

Dongosolo limeneli, limene katswiri wa mbiri yakale Maynard Swanson analifotokoza mu 1976 monga muzu wa tsankho la m'mizinda, linadziwika kuti Durban System. Mizinda ina inatumiza nthumwi kudzaphunzira. Lamulo la 1923 lokhudza anthu akuda m'matauni linalifalitsa m'dziko lonse la South Africa, potsatira ganizo la bungwe lofufuza la Stallard lakuti munthu wakuda alowe mumzinda kudzatumikira mzungu basi, ndipo akamaliza abwerere. Makolo athu poti mlendo ndi mame ankatilangiza kuti timusamale popeza sakhalitsa. Atsamunda anatenga kusakhalitsako n'kukusandutsa lamulo. Makhonsolo a ku Bulawayo, ku Salisbury ndi kumigodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia nawonso anayamba kuyendetsa malokeshoni ndi ndalama za mowa. Motero matchona ochokera ku Nyasaland, amene anadzaza mizinda imeneyi, anakhala pansi pa nzeru yobadwira ku Durban ngakhale ambiri a iwo sanauonepo mzindawo.

Anthu sanangopinda manja. Bungwe la apantchito la ICU, limene Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay analiyambitsa ku Cape Town mu 1919, linazika mizu ku Natal pansi pa A.W.G. Champion. Mu Juni 1929, ogwira ntchito padoko anayamba kunyanyala mowa wa khonsolo, ndipo pa 17 Juni panabuka nkhondo pakati pawo, apolisi ndi azungu wamba, imene inaphetsa anthu mbali zonse ziwiri. Kunyanyalako kunapitirira kwa miyezi yambiri ndipo thumba la khonsolo linaphwa. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zachilungamo, Oswald Pirow, inabwera ndi apolisi kudzasaka osakhoma msonkho m'zigono, ndipo anaponya utsi wokhetsa misozi. Champion anathamangitsidwa ku Natal mu 1930. Komabe khonsolo inakakamizika kugonjako pang'ono: mu 1934 inatsegula Lamontville, kumene mabanja ankaloledwa kukhala. Chitukuko chimenechi sichinabwere mwa chifundo. Chinabwera chifukwa anthu anapeza pamene panali mtsempha wa ndalama n'kupatsina.

Phunziro lomweli linabwerezedwa ku Cato Manor, dera limene okhalamo ankalitcha Mkhumbane. Kumeneko Amwenye eni malo ankabwereketsa nthaka kwa anthu akuda masauzande ambiri amene anamanga zisakasa. Mu 1958 boma linalengeza kuti deralo likhala la azungu, ndipo khonsolo inayamba kusamutsira anthu ku KwaMashu. Nyumba za kumeneko zinkaperekedwa kwa okhawo okhala ndi ziphaso zoyenera ndi mabanja ovomerezeka, kotero amayi ambiri odziyimira paokha analibe kolowera. Matenda a tayifodi atabuka mu 1959, khonsolo inatumiza antchito ake kukataya migolo ya mowa m'dzina la ukhondo. Matendawo analipodi, koma amayi anaona kuti khonsolo imene inalephera kuwapatsa madzi ndi zimbudzi zokwanira inali ndi changu chachikulu pothana ndi opikisana nayo pamalonda a mowa. Mu Juni 1959 analowa m'nyumba zomwera mowa ndi zibonga, kuthamangitsa amuna ndi kukhuthula mowa wa khonsolo. Pa 24 Januwale 1960 apolisi 9 amene anapita kukasaka mowa anaphedwa ku Cato Manor. Patangotha miyezi iwiri, apolisi ena anawombera anthu ku Sharpeville.

Tikaunika zaka zonsezi, tipeza ulusi umodzi. Khonsolo sinkanena kuti ikuthamangitsa mtundu wakutiwakuti. Inkanena za mliri, za ukhondo, za bata la usiku ndi za chitukuko. Zifukwazi nthawi zina zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinali zida zamphamvu: n'kovuta kutsutsa munthu amene akuti akuteteza ana ku matenda. Funso limene wophunzira mbiri ayenera kufunsa ndi lakuti lamulolo likugwera yani, wopindula ndani, ndipo wokanizidwa angakadandaule kuti.

Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, ndipo nyumba ya KwaMuhle inasanduka malo osungirako mbiri. Malamulo aakulu a dziko a 1996 anasiya nkhani ya olowa m'dziko m'manja mwa boma lalikulu, koma misika ndi malonda a mumsewu zinatsala ndi makhonsolo. Mu 2009 khonsolo ya eThekwini, imene Durban ili pansi pake, inafuna kuchotsa msika wakale wa Early Morning Market ku Warwick kuti pamangidwe sitolo zikuluzikulu mpikisano wa mpira wa 2010 usanafike. Ogulitsa anathamangira kukhoti, mwayi umene wamalonda wa mu 1897 analibe, ndipo msikawo unapulumuka. Mu Epulo 2015, anthu ochokera m'mayiko ena atachitidwa chipongwe, khonsolo yomweyo inawasunga m'matenti ku Isipingo, Chatsworth ndi Phoenix, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu Novembala 2024, ana atamwalira ndi zakudya zapoizoni, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti timasitolo tonse ta m'malokeshoni, timene tambiri timayendetsedwa ndi obwera, tilembetsedwe kumakhonsolo.

Imfa za anawo zinali zenizeni, monga momwe tayifodi ya ku Mkhumbane inalili, ndipo palibe anganene kuti mzinda ukhale wopanda malamulo. Chimene Durban ikutiphunzitsa n'chakuti kalaliki wodinda ziphaso amagwira mphamvu yofanana ndi ya mlonda wa pachipata cha dziko, ngakhale savala yunifolomu. Chiphaso chikamayesa ukhondo wa sitolo ndi muyeso umodzi kwa onse, chimateteza mzinda. Chikayamba kuyesa chilankhulo ndi kwawo kwa mwini sitolo, ndiye kuti tabwerera ku 1897.