Pabwalo, pansanja, pamaso pa kamera

Timangowatcha onse a zisudzo, koma sewero la pa wailesi yakanema, la pansanja ndi la filimu ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo mtengambali wamkazi wokhoza zonsezo ndi wosowa.

Kuchigwa cha Dedza chionetsero chimayambira pabwalo. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare imasunga nkhope zambirimbiri za Gule Wamkulu. Gule wotchedwa Maliya amatuluka ndi nkhope yachikazi, koma malo a amayi a m'mudzi ndi m'mbali, kuyimba ndi kuomba m'manja. Gule si sewero, ndipo akuluakulu a ku Mtakataka angakudzudzuleni mutamutcha choncho. Komabe bwalo limaphunzitsa chinthu chimodzi: thupi lizilankhula mpaka woyima kumbuyo amve.

Pansanja lamulo ndi lomwelo. Mawu azifika pampando womaliza, nkhope iziyang'ana kwa oonera, ndipo sikiliputi uyiloweze yonse, chifukwa ukaiwala palibe wokuuza kuti bwereza. Malemu Gertrude Kamkwatira anali katswiri pamenepa. Anatsogolera gulu la Wakhumbata Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, kenaka anayambitsa Wanna-Do, akulemba yekha masewero, mpaka imfa yake mu 2006.

Kamera imafuna zina. Ikayandikira nkhope, kuphethira kokha kumafotokoza nkhani, ndipo kukweza manja kwa pansanja kumasanduka nthabwala. Filimu sajambula motsatira ndondomeko ya nkhani: maliro atha kujambulidwa Lolemba, ukwati wa malemuyo Lachisanu, ndipo wosewera ayenera kukumbukira yekha kuti mtima wa munthu amene akumuyimira wafika pati. Dailekita akapanda kukhutira, misozi ija uyitulutsenso, mwina magetsi atathima pakati. Mafilimu athu ambiri amagwera pano; osewera amakuwa ngati akadali mu holo.

Joyce Mhango Chavula anadutsa njira zonse ziwiri. Anasewerako ku Wanna-Do, anayambitsa gulu la Rising Choreos mu 2009, ndipo mu 2016 filimu yake, Lilongwe, inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos ngati filimu yoposa zonse kummwera kwa Africa. Mphotoyo inali ya filimu yonse, osati ya kasewereredwe ka munthu mmodzi. Kusankhidwa kukapikisana nako si kupambana, ngakhale timakonda kuzisakaniza: Flora Suya anasankhidwa pa Africa Movie Academy Awards chifukwa cha Seasons of a Life ya Shemu Joyah, ulemu waukulu ndithu, koma chikho chinapita kwina.

Ku America ntchito iliyonse ili ndi mphoto yake: Tony ya pansanja, Emmy ya pa wailesi yakanema, Oscar ya filimu. Viola Davis anatenga Tony mu 2001 ndi 2010, Emmy mu 2015, ndipo Oscar wake wa 2017 anamupeza ndi Fences, mbali yomweyo imene inamupatsa Tony wachiwiri pansanja.