Makina a okisijeni na mbaula m'nyumba imodzi

Ambiri a ife tinayamba kumva liwu lakuti concentrator mu June 2021. Kunali mphepo, korona ya Delta inali itavuta, ndipo pa 17 mwezi womwewo a Kenneth Kaunda anatisiya. Pa WhatsApp uthenga unali umodzi: ndani ali na silinda ya okisijeni? Mabedi atadzaza m'zipatala, mabanja amene anakwanitsa anasonkha ndalama n'kugula makinawa, n'kuwaika pafupi na bedi ya amayi kapena agogo.

Makinawa si atsopano. Ku America anayamba kulowa m'nyumba m'zaka za m'ma 1970, kuti odwala mapapo aleke kudikira masilinda olemera. Mpweya umene tipuma uli na okisijeni 21 peresenti chabe. Makina aukoka, timiyala ta zeolite tigwira nayitrojeni, ndipo chofika ku mphuno chipitirira 90 peresenti.

Apa m'pamene pali ngozi imene sitinaiganizire pa nthawi ija ya mantha. Okisijeni payokha siyaka, koma ichititsa kuti chinthu chilichonse chiyake mwamsanga. Pa 27 January 1967, Gus Grissom, Ed White na Roger Chaffee anafera mu Apollo 1 isananyamuke n'komwe: m'kati munali okisijeni yokhayokha, moto unabuka, ndipo chitseko chinakana kutseguka. Bulangete ya wodwala nayonso imamwa okisijeni, n'kukhala nayo kwa kanthawi ngakhale makina atazima.

Manje ganizani nyumba zathu za mu komboni. June ndiye mwezi wolowetsa mbaula. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, ife n'kubwerera ku kandulo. Malaiti akapita makina aima, wodwala asamukira pa silinda, wina ayatsa machisi kuti aone bwino. Mphindi yoopsa ndi imeneyo. Tochi ya pa foni ikwanira. Mbaula, kandulo na fodya zikhale kutali, mamita awiri kapena kuposa, makamaka kunja kwa chipinda. Jenereta nayo ikhale panja, chifukwa utsi wake upha mwakachetechete.

Vaseline, imene tonse tinakula nayo, isapakidwe pa mphuno ya munthu wovala chubu. Mafuta amenewo agwira moto. Makina asagunde khoma kapena katani, sefa yake itsukidwe sabata iliyonse (fumbi ya Lusaka tiidziwa), ndipo nambala ya malita imene adokotala analemba tisaikweze tokha. Agogo akayamba kubanika, tithamangire ku chipatala.