Zinyalala Zitasowa Wogula

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1987, chombo chotchedwa Mobro 4000 chinanyamuka ku New York chitasenza matani a zinyalala oposa 3,000. Zina mwa zinyalalazo zinali za m'tauni ya Islip, kumene mtaya unali utatsala pang'ono kudzaza. Mwini malondawo ankafuna kukazitula ku North Carolina, koma akuluakulu a kumeneko anakana. Chombocho chinalowera ku Louisiana, nakonso anachibweza. Chinayesa ku Mexico ndi ku Belize, koma palibe anachilola kukocheza. Chitazungulira panyanja pafupifupi miyezi iwiri, chinabwerera kwawo ndi katundu wake yense, ndipo mapeto ake zinyalalazo anaziwotcha ku Brooklyn.

Anthu a ku America ankatsatira ulendowu pa wailesi yakanema, ndipo ambiri anagwidwa ndi mantha kuti dziko lawo latsala pang'ono kusowa potaya. Malo analipo ndithu, koma mitaya yambiri yakale inali kutsekedwa ndipo mtengo wotayira unali kukwera. Apa m'pamene makhonsolo a mizinda analimbikira ntchito yotolera padera mapepala, zitini, mabotolo ndi mapulasitiki kuti mafakitale akapangirenso zinthu zatsopano. M'chaka chomwecho chigawo cha New Jersey chinakhazikitsa lamulo lokakamiza nzika kusankhula zinyalala zawo, ndipo mzinda wa New York unachitanso chimodzimodzi mu 1989.

Munthu akaponya botolo m'bini yake yoyenera amaona ngati wathana nalo. Kwa khonsolo, ntchito imakhala itangoyamba kumene. Pamafunika galimoto, mafuta, madalaivala, antchito osankhula komanso makina omanga zinthuzo m'mabelo. Ndalama zimenezi zimabwerera pokhapokha patapezeka fakitale yogula mabelowo. Mwachidule, ntchitoyi ndi malonda, osasiyana ndi a fodya kapena thonje: wolima sakhala ndiye wonena mtengo.

Mizinda inaphunzira zimenezi msanga. Cha mu 1989 nyuzipepala zakale zinachuluka kuposa zimene mafakitale akanatha kugwiritsa ntchito, moti makhonsolo ena ankachita kulipira kuti wina adzazichotse. Pofika 1995 mtengo unakwera kwambiri mpaka akuba ankalawirira m'bandakucha kukaba mitolo ya nyuzipepala m'mbali mwa misewu. Mu 2002, ndalama zitavuta mumzinda wa New York, meya Michael Bloomberg anaimitsa kutolera mabotolo agalasi ndi mapulasitiki ponena kuti kunali kodula kuposa kungozitaya. Mapulasitiki anayambanso kutoleredwa mu 2003, ndipo magalasi mu 2004.

Chimene chinadzapepuza mtolo wa makhonsolo chinachokera kutsidya la nyanja. Dziko la China linalowa m'bungwe la zamalonda la World Trade Organization mu 2001, ndipo mafakitale ake ankatumiza ku America nsapato, zovala, zidole ndi mawailesi ankhaninkhani. Sitima zikatsitsa katunduyo, makontena ambiri ankabwerera opanda kanthu. Eni sitima analola kunyamula chilichonse pamtengo wozizira kusiyana n'kuyendetsa mphepo. Nawo mafakitale a ku China anali ndi njala ya mapepala opangira makatoni ndi pulasitiki yosungunula. Choncho katoni imene inabweretsa wailesi ku Los Angeles inkabwerera ku China ili m'belo, n'kudzabweranso itasanduka katoni yatsopano.

Alipo amene anaona mwayi umenewu kale. Mayi Zhang Yin anayamba kugula mapepala akale ku Hong Kong mu 1985, ndipo mu 1990 anasamukira ku Los Angeles kumene anatsegula kampani ya America Chung Nam pamodzi ndi amuna awo. Kenako anamanga fakitale ya mapepala ya Nine Dragons ku Dongguan. Mu 2006 mndandanda wa anthu achuma wa Hurun unawaika pamwamba pa onse ku China. Chuma chonsecho chinachokera m'zimene ena ankataya. Akatswiri a pa yunivesite ya Georgia anawerengera kuti pa matani 100 alionse a zinyalala zapulasitiki amene maiko anagulitsana kuyambira 1992 mpaka 2016, matani 45 anathera ku China.

Wogula wosasankha amaononga wogulitsa. Pofuna kuchepetsa ndalama zotolera, mizinda yambiri inauza nzika kuti ziziponya mapepala, zitini ndi mabotolo m'bini imodzi. Zotoleredwa zinachulukadi, koma zinadza ndi uve. Magalasi osweka ankalowa m'mapepala, makatoni ankanona mafuta a zakudya, ndipo m'mabini munkapezeka ngakhale matewera a ana. Uve umenewu unkamangidwa m'mabelo n'kuwoloka nyanja. Amene ankausankhula ndi manja anali mabanja osauka a m'midzi ya ku China, ndipo zosagulitsika ankaziwotcha kapena kuzitaya m'mitsinje. Mizinda ya ku America inkaoneka yaukhondo pamtengo wotsika chifukwa gawo lina la mtengowo ankalipira ndi anthu amenewa, ndi mapapo awo komanso madzi awo akumwa.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba. Mu 2013 boma la China linayamba kufufuza makontena m'madoko ndi kubweza auve, pa ntchito imene linaitcha Green Fence. Ogulitsa ambiri anaganiza kuti ndi mphepo yongodutsa. Mu Julaye 2017 China anadziwitsa World Trade Organization kuti aletsa mitundu 24 ya zinyalala, kuphatikizapo mapepala osasankhula ndi mapulasitiki ochokera m'makomo. Chiletsocho, chimene chimadziwika kuti National Sword, chinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018. Pa mabelo amene ankaloledwabe, kuyambira mu Malichi chaka chomwecho, zosafunika sizinayenere kupitirira kilogalamu imodzi pa makilogalamu 200 alionse. Malo osankhulira a ku America amene akanakwanitsa muyeso wotere anali ochepa zedi.

Mabelo anaunjikana m'mabwalo a makampani. Mtengo wa mapepala osakanikirana unagwa mpaka wogulitsa ndiye ankalipira. Tauni yaing'ono ya Franklin, ku New Hampshire, poyamba inkagulitsa tani imodzi pa madola 6. Pofika 2019 tauniyo inauzidwa kuti izilipira madola 125 pa tani ngati ikufuna kuti zinthuzo zikapangidwenso, kapena madola 68 ngati ikufuna kuti zingowotchedwa. Khonsolo inasankha moto. Mzinda wa Deltona, ku Florida, unaimitsa ntchito yotolera padera m'chaka chomwecho. Ku Philadelphia, kwa miyezi ingapo, pafupifupi theka la zimene nzika zinasankhula mosamala linkapita kung'anjo yowotchera zinyalala ku Chester, tauni yoyandikana nayo imene anthu ake ambiri ndi akuda ndiponso osauka. Utsi umene kale unkafuka kutali tsopano unayamba kufukira pakhomo.

Amalonda anafunafuna misika ina ndipo anatembenukira ku Malaysia, Thailand, Vietnam ndi Indonesia. Ku Jenjarom, m'dziko la Malaysia, kunabuka mafakitale osaloledwa amene ankawotcha zotsala usiku, anthu n'kumadzuka akutsokomola. Mu Meyi 2019 nduna yoona zachilengedwe m'dzikomo, Mayi Yeo Bee Yin, inalengeza kuti matani 3,000 a pulasitiki abwezedwa kumaiko kumene anachokera. Patatha zaka 32, ulendo wa Mobro unabwerezedwa, koma ulendo uno ndi makontena. Mwezi womwewo maiko a m'pangano la Basel anagwirizana kuti pulasitiki yauve isamatumizidwe kudziko lina popanda chilolezo cha dziko lolandiralo. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, China anatseka khomo kwa zinyalala zonse zakunja.

Khomo litatsekedwa, funso limene linabisika kwa zaka zambiri linaonekera poyera: kodi ayenera kulipira ndani? Makhonsolo anali ndi njira zitatu zokha, kukweza msonkho, kuchepetsa zotolera, kapena kusiyiratu. Dziko la Germany linali litapeza yankho lina kale mu 1991, pamene linalamula makampani opanga ndi ogulitsa katundu kuti azisenza udindo wa mapaketi ndi mabotolo awo. Mu 2021 chigawo cha Maine chinakhala choyamba ku America kukhazikitsa lamulo lotere, ndipo Oregon inatsatira m'chaka chomwecho. Kampani imene ikudziwa kuti idzalipira paketi yake ikafika m'bini imayamba kuganiza kawiri isanapange paketi yosatheka kupangidwanso.

Ena amati China ndiye anapha ntchito yotolera zinyalala padera. Mbiri ikuonetsa zosiyana. Ntchitoyi inali yodula kuyambira pachiyambi, kungoti kwa zaka pafupifupi makumi awiri mtengo wake weniweni unkabisika m'makontena opanda kanthu ndi m'manja mwa osankhula a kutali. Mizinda inaika chikhulupiriro chake chonse mwa wogula mmodzi, osamanga mafakitale akeake, n'kuiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.